Kodi Kubisa Mbali Ina ya Coonadi ndi Bodza?

Acinyamata anzanga, kuyambira 1994 pamene boma linagulitsa kampani ya Lintco, thonje lambiri la kuno kum'mawa lakhala likugulidwa ndi makampani akunja. Fodya wathu nayenso amapita kunja. Makampani otere amalamulidwa ndi akuluakulu owerengeka, ochedwa bodi, amene amakumana m'mizinda yakutali. Caka ndi caka iwo amatulutsa lipoti lonena za mmene kampani ikusamalira nthaka, madzi ndi mitengo.

Tiyerekeze kuti lipotilo lawerenga mitengo imene kampani inabzala kuno ku Lundazi, koma silinachule imene inadulidwa pomanga zigafa za fodya, kapena mabotolo a mankhwala a thonje otayidwa m'dambo. Manambala onse ndi oona. Kodi pamenepa pali bodza?

Ine nditi lilipo. Munthu akasankha mawu ake kuti womva akhulupirire cinthu cosaona, wanama ndithu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ena adzati, "Wadula mtengo ndi mlimi, osati bodi." Koma taonani zimene zinacitika ku Chingola. Anthu 1,826 a m'midzi anadandaula kuti mgodi wa Konkola Copper Mines unaipitsa madzi ao, nasumira kampani yaikulu ya Vedanta ku London. Mu April 2019 khoti lalikulu la ku Britain linalola kuti mlanduwo uzengedwe komweko. Oweruza anayang'ananso malipoti a Vedanta yemweyo, mmene inanena kuti imayang'anira zacilengedwe m'makampani ake. Mu 2021 kampaniyo inagwirizana ndi anthuwo, ngakhale sinavomere mlandu. Conco mawu olembedwa m'lipoti ndi lonjezo, ndipo lonjezo limamanga mwini wake.

Nanga ife? Mwambo wathu umatiphunzitsa kulemekeza mlendo ndi kusatsutsa akulu pagulu. Ndi mwambo wabwino, koma tikangokhala cete, akutali aja adzayesa kuti zonse ziri bwino. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Amene timamwa madzi a m'dambomo ndife. Pamsonkhano wa alimi tingathe kuwomba m'manja mwaulemu, ndi kufunsabe kuti mabotolowo atayidwe kuti.

Mafunso okambirana:
1. Kodi inu munanenapo zoona zokhazokha n'colinga cobisa cina?
2. Tingafunse bwanji wamkulu funso lovuta popanda cipongwe?