Kodi kuchotsa chimbuuzi pa chithunzi cha malemu ndi bodza?

Masiku ano ku Champhira, pa Jenda ngakhale ku Embangweni, maliro sayenda popanda chithunzi. Chimaikidwa pa bokosi, chimasindikizidwa pa pepala la ndondomeko ya mwambo, ndipo anthu akabalalika chimakakolekedwa pakhoma m'nyumba ya ofedwa. Koma ambiri amene timawaika m'manda, makamaka anyamata omwe mitembo yawo imachokera ku Joni, amasiya zithunzi za pa foni zokha, zomwe zadutsa pa WhatsApp kangapo. WhatsApp imapanikiza chithunzi kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo potero imataya tizigawo tina ta chithunzicho. Wachibale akapita nacho ku situdiyo kuti akachikulitse, nkhope imatuluka yachimbuuzi, wa situdiyo n'kufunsa ngati achikonze. Funsoli limamveka laling'ono, komatu likukhudza munthu amene sangathenso kudziyankhira yekha. Ine ndikuona kuti pali kukonza kwa mitundu iwiri, kwina kololeka ndi kwina kosayenera, ngakhale kuti wa situdiyo amalipiritsa zonse ngati ntchito imodzi.

Njira yoyamba ndi imene mu Photoshop ndi mu GIMP imatchedwa Unsharp Mask. Ndi yakale kuposa kompyuta zathuzi, chifukwa otsuka zithunzi ku Germany ankaigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1930, pomwe Photoshop inatuluka mu 1990. Kompyuta imapanga kope lachimbuuzi la chithunzicho n'kuliyerekeza ndi choyambirira. Pomwe ziwirizo zasiyana kwambiri ndi pamalire a zinthu: pamene diso lathera ndipo chikope chayambira, pamene kolala ya malaya yakumana ndi khosi. Mbali yakuda ya malirewo imadetsedwa pang'ono, mbali yowala imawalitsidwa pang'ono, basi. Palibe tsitsi kapena dzino limene lawonjezedwa. Ndipotu diso lathu limachita zofananazo palokha, monga anasonyezera wasayansi Ernst Mach mu 1865, kuti pomwe mtundu wakuda wagundana ndi wowala timaona kusiyana kwakukulu kuposa kumene kulipo. Wokonza akapyola muyezo, m'mbali mwa mutu mumatuluka mzere woyera ndipo khungu limaoneka lokhakhala, moti aliyense amadziwa kuti dzanja la munthu lapitapo. Apa sindikuonapo bodza. N'chimodzimodzi kupempha mboni yolankhula motsitsa kuti ikweze mawu: zonena zake sizisintha.

Njira yachiwiri ndi ya mapulogalamu monga Remini, omwe ali m'mafoni a achinyamata ambiri. Awa anaphunzitsidwa ndi nkhope zambirimbiri za anthu ena, ndipo akapeza chimbuuzi pomwe panali diso, amajambulapo diso limene akuganiza kuti likadakhalapo. Chotulukacho chimasangalatsa, koma n'chongoganizira. Mu 2020 akatswiri a ku Duke University ku America anatulutsa pulogalamu ya mtundu umenewu yotchedwa PULSE. Munthu wina ataipatsa chithunzi chachimbuuzi cha Barack Obama, inabweza nkhope yooneka bwino lomwe ya mzungu. Ngati zinatero ndi munthu wodziwika dziko lonse, amene aliyense anazindikira msanga kuti si iyeyo, nanga mnyamata wa kwa Inkosi Mzikubola, amene chithunzi chake chatsala chimodzi chokha, adzamuikira kumbuyo ndani?

Kwa ine, nkhope yongoganizirayi ndi umboni wonama. Akhristu a CCAP ku Embangweni ndi Akatolika a ku Katete amasiyana powerenga Malamulo Khumi. Lamulo loletsa umboni wonama, la pa Eksodo 20:16, kwa oyambawo ndi lachisanu ndi chinayi pomwe kwa enawo ndi lachisanu ndi chitatu, koma onse amaliphunzitsa. Wina anganene kuti lamuloli limaletsa kunamizira mnzako pofuna kumupweteka, ndipo kukongoletsa nkhope ya malemu sikupweteka aliyense. Ndikukana. Kuno ku Mzimba, malowolo akaperekedwa, mwana ndi wa kuchimuna, ndipo nkhope ndi mbali ya umboni wa magazi. Azakhali amayang'ana khanda n'kunena kuti mphunoyi ndi ya agogo ake, chipumichi ndi cha bambo ake. Mwana amene bambo ake anamwalira ku Johannesburg iye ali kumsana adzakula akuyang'ana chithunzi chapakhomacho, kufunafuna nkhope yake m'menemo. Kumupatsa maso ndi milomo zomwe makina atolera kwa alendo n'kumubera chinthu chimene sadzadziwa n'komwe kuti anaberedwa.

Pali chotsutsa china champhamvu kuposa chimenecho. Foni iliyonse imakonza chithunzi isanachionetse n'komwe, ndiye chithunzi chosakhudzidwa kulibe. Nanga malire tiwaike pati? N'zoona kuti kulibe. Koma malire ake si pakati pa chokhudzidwa ndi chosakhudzidwa, ali pa gwero la zimene tikuona. Ngati mzere wa pachipumi unachokera ku kuwala kumene kunagunda pachipumi cha munthuyo tsiku lojambulalo, ndi wake, kaya wadetsedwa kapena wawalitsidwa. Ngati unachokera m'nkhokwe ya nkhope za anthu ena, si wake, ngakhale utamukhala bwanji.

Chovuta kwambiri kuyankha ndi chisoni cha mayi wamasiye amene akungofuna kuona mwamuna wake akuoneka bwino, ndipo ine sindingamuweruze. Kuyambira kale anthu akhala akulemba ntchito ojambula pamanja kuti awajambulire okondedwa awo, ndipo palibe amawatcha abodza, chifukwa aliyense amadziwa kuti chojambula pamanja chadutsa m'maganizo a wojambula. Chithunzi cha kamera timachikhulupirira mwa mtundu wina, ndipo n'chikhulupiriro chimenecho chimene makinawa amabwereka popanda kupempha. Choncho udindo waukulu uli pa wa situdiyo, yemwe amadziwa batani limene wadina. Auze banja momveka kuti nkhope iyi makina aiganizira, ndipo chachimbuuzicho achisindikizenso, chisungidwe limodzi ndi chinzake. Asanafike n'komwe pamenepo, afunse ngati kwa anzake a malemu ku Joni kuli foni imene inajambula chithunzicho. Chikatumizidwa pa WhatsApp ngati document chimafika chosapanikizidwa, ndipo kawirikawiri Unsharp Mask yapang'ono imakwanira kuti chikule mpaka kuikidwa pa bokosi.