Kuodira Nthaka ya Eni

Mwana aliyense wa Chimalawi amaphunzira mawu oti "odi" asadadziwe kuwerenga. Ngakhale chitseko chikhale chotsekula, ngakhale mwini nyumba akhale mbale wako wa bere limodzi, umaima pakhomo n'kuodira, ndipo sulowa mpaka utamva "lowani". Kamawu kameneka kasenza chiphunzitso chachikulu, chakuti malo ali ndi eni ake ndipo kufuna kwako sikukupatsa ufulu wolowa. Koma masiku ano kwabwera chida chimene chikuyesa mwambowu mwa njira yachilendo. Ndi makina ofufuzira zitsulo m'nthaka, amene anyamata amangowatchula kuti ditekita.

Makinawa ndi ndodo yokhala ndi mbale kumapeto kwake. M'mbalemo muli waya wokulungidwa amene amatumiza mphamvu ya maginito pansi, ndipo mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo, kaya msomali, khobidi lakale kapena kachidutswa ka golide, makinawo amalira. Akalira, khasu limatsatira. Afala m'madera amene anthu akusaka golide kuno kwathu, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Ena amawagula atamva mphekesera za ndalama za Ajeremani zimene amati zidakwiriridwa nthawi ya nkhondo imene idayamba mu 1914. Tsono funso n'lakuti: munthu wotere asadakumbe ayenera kuodira kwa yani, ndipo "inde" amene walandirayo ngokwanira?

Yankho labwino ndimaliona pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira ku Salima. Mbiri imati m'zaka za m'ma 1950 asodzi ochokera ku Likoma adaona kuti pachilumbapa pali utaka wochuluka. Iwo sadangoponya makoka. Adayamba akaonekera kwa mfumu kukapempha malo, ndipo mfumu idawalola koma ndi malamulo. Kufikira lero usodzi pa Mbenji umatsekedwa mu Disembala n'kutsekulidwa mu Epulo, ndipo kutseka ndi kutsekula kumachitika ndi mwambo wake pa doko la Chikombe. Pachilumbapo saloledwa mowa, chamba ndi juga. Amayi nawonso saloledwa kupondapo, lamulo limene ena masiku ano amalitsutsa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chimene ndikufuna tione n'chakuti chilolezo cha pa Mbenji chili ndi mwini wodziwika, chili ndi malire, chili ndi nyengo, ndipo wophwanya pangano amachotsedwa. Zotsatira zake asodzi a m'nyanja yonse amazidziwa: pamene madoko ena akulira kusowa kwa nsomba, utaka wa pa Mbenji ukadali ndi mbiri.

Alipo amene angatsutse, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Angati: kodi pamwambo wathu anyamata sakumba mbewa m'minda ya eni anthu akakolola? Kodi amayi sakunkha mtedza wotsalira popanda kupita kwa mfumu? Nanga khobidi limene lagona pansi zaka 100, mwini munda osalidziwa, osalibzala, osalifuna, walitola uja walanda yani? Kutola si kuba, iwo angatero.

N'zoona kuti mwambo wathu sudaumire pa zotsalira, chifukwa udafuna kuti wosauka asagone ndi njala pakati pa minda. Koma pali kusiyana. Mbewa zimaswana, mtedza umabzalidwanso, utaka umabwerera mu Epulo. Chibangiri cha mkuwa cha agogo athu, mkanda wa amalonda a minyanga amene ankadutsa m'mphepete mwa nyanja ino, mpeni umene udaikidwa pamodzi ndi mwini wake, zimenezi sizimera kawiri. Komanso wokumba mbewa aliyense amamuona ndipo amadziwa chimene akufuna. Wa makina uja amadziwa chimene mwini munda sadziwa. Pamene wina akuona ndipo mnzake ali mumdima, kungokhala chete kwa amene ali mumdimayo sitingakutche kuvomera.

Tiyerekeze tsono kuti mlendoyo ndi waulemu ndipo waodira. Vuto loyamba n'lakuti waodira kwa yani. M'midzi yambiri ya kuno kunyanja munda umayenda m'mbumba, kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Bambo amene mwamupeza akupalira akhoza kukhala mkamwini, amene ali ndi ufulu wolima koma alibe mphamvu yopereka nthakayo kwa munthu wina. Pamwamba pake pali mkazi wake, pali mwinimbumba, pali nyakwawa. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidatsekula njira yoti banja lilembetse malo ake kudzera m'komiti ya m'mudzi, koma minda yambiri ikadali m'manja mwa mbumba monga kale. Kupatsa mkamwini kandalama ka sopo n'kunena kuti "ndaloledwa" n'chimodzimodzi kuodira kwa mwana amene akusewera pabwalo n'kulowa kuchipinda.

Vuto lachiwiri n'lakuti wapempha chiyani. Munthu akanena kuti akungoyesa makina pamene mumtima akusaka golide, "inde" amene walandira ndi wa funso lina. Ife Amalawi bala limeneli timalidziwa. M'zaka za m'ma 1880 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1890 azungu monga John Buchanan ndi Eugene Sharrer adatenga malo aakulu kumapiri a Shire posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Mafumu ankaganiza kuti akupatsa alendo pokhala monga mwa mwambo, pamene alendowo ankati agula kwamuyaya. Boma la Harry Johnston lidatsimikiza umwiniwo ndi zikalata, ndipo zidzukulu za eni nthaka zidasanduka anthu a thangata pa malo a makolo awo. Mpaka lero ku Thyolo ndi ku Mulanje nkhani ya malo siidazizire. Pamenepo kuodira kudalipo, zidindo za zala zidalipo, koma chilungamo padalibe. Chilolezo chotengedwa pa umbuli wa mnzako ndi kuba kovala jekete.

Vuto lachitatu ndi lozama kuposa awiriwa. Pali zinthu zimene ngakhale mwini munda weniweni sangapereke, chifukwa si zake. Malamulo a dziko amavomereza zimenezi. Lamulo la migodi la 2023 limati miyala ya mtengo wapatali imene ili m'nthaka ndi ya dziko, ndipo woikumba ayenera kukhala ndi chiphaso. Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zamakedzana la 1990 limaletsa kufukula zinthu zakale popanda chilolezo cha boma ndipo limafuna kuti wozipeza akanene. Ambiri amaona malamulowa ngati umbombo wa boma. Koma makolo athu adatsogola kale pa ganizo lomweli. Manda ali m'mudzi, koma palibe nyakwawa imene ingagulitse manda. Mfumu Makanjira imatsekula Mbenji, koma imayamba yapereka nsembe kwa mizimu, kusonyeza kuti nayonso ndi yosunga chabe. Nthaka ili ndi eni atatu: amene adagona, amene tikuyenda, ndi amene sadabadwe. Awiri mwa atatuwa sangathe kunena "lowani", ndipo n'chifukwa chake wamoyo ayenera kuwayankhulira mosamala.

Kodi ndiye kuti makinawa ngoipa? Ayi. Ku England, kumene ambiri amachita zimenezi ngati masewera, adapeza njira. Lamulo lawo la 1996 limati wopeza chuma chakale akanene pasanathe masiku 14, ndipo nyumba zosungira zinthu zakale zikachifuna, mphotho imagawidwa pakati pa wopeza ndi mwini munda. Mu 2009 Terry Herbert adapeza zidutswa zikwizikwi za golide ndi siliva m'munda wa Fred Johnson ku Staffordshire, atapempha chilolezo. Chumacho chidawerengedwa mapaundi oposa 3 miliyoni, awiriwo adagawana, ndipo chidaikidwa poti anthu azikachiona ku Birmingham ndi ku Stoke-on-Trent. Koma nyuzi zidalembanso kuti pambuyo pake awiriwo adadana. Ngati ndalama zidalekanitsa anthu amene adatsata lamulo, nanga m'mudzi mwathu, mmene pangano limakhala la pakamwa ndipo mbumba yonse ili ndi gawo, zingathe bwanji? Ife ogwira ntchito m'boma timaona milandu ya malo imene imayamba ndi mawu oti "tidangogwirizana" n'kuthera pa abale osadyerana maliro.

Choncho amene wagula makina achite monga adachitira asodzi a ku Likoma aja. Ayambe kwa nyakwawa, apite kwa mwinimbumba ndi kwa mayi mwini munda. Anene poyera chimene akufuna. Agwirizane malire, nyengo yoti asaononge mbewu, kukwirira maenje kuti mbuzi ndi ana asathyoke miyendo, ndiponso kagawidwe, zonse zilembedwe pamaso pa mboni. Akapeza golide akumbukire chiphaso. Akapeza zinthu zamakedzana adziwitse a nthambi yoona za mbiri yakale. Akakhudza fupa la munthu aike khasu pansi. Ndipo akauzidwa kuti "ayi", anyamule makina ake azipita osadandaula, pakuti amene sangalandire "ayi" sadali kupempha, ankangodziwitsa.

Tidakula tikumva kuti chuma chili m'nthaka, ndipo amene ankatiuza ankanena za khasu lolima. Tsopano khasu lofukula lafika, ndipo umphawi udzalikankha kuti lifulumire. Safunsa adadya phula. Koma wofunsa mwachinyengo amadyetsa phula mudzi wonse, pamodzi ndi ana amene adzafune kudziwa kumene adachokera n'kupeza maenje okhaokha.