Nkhosa Yotsimphina ya ku Mbulumbuzi

Padangotero.

Tili tonse.

Padali mkulu wina m'mudzi wa kufupi ndi msika wa Mbulumbuzi, pamsewu wochoka ku Limbe kupita ku Zomba. Mkuluyu anali ndi nkhosa 12, ndipo ankaziwerenga m'mawa ndi madzulo ngati ndalama za m'thumba, podikira nyengo ya Eid pamene ogula amafika okha pakhomo. Mbusa wake anali mdzukulu, kamnyamata ka Sitandade 5.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, dambo la kumunsi kwa mudziwo lidakhalitsa ndi madzi, msipu n'kubiriwira mochititsa kaso.

"Kazidyetse kudambo zikanone," anatero mkuluyo.

Zonse zinkatsetsereka, kupatula yaikazi imodzi yotsimphina. Imeneyo ankangoimangirira pachitsa kumtunda n'kuiponyera makoko a nandolo. Mwiniwake ankaitcha chotsalira.

Sipanapite nthawi, yamphongo ina yonona kwambiri idayamba kuchucha mamina osakanikirana ndi magazi. Usiku inkapuma ngati munthu woliza mkonono. Kenako diso lakumanzere lidatong'oka, kudya n'kuleka. Ina idatupa mphuno, milomo n'kuchita zilonda.

"Agogo," anatero mdzukulu, "zikudwalazi ndi zomwe zimaviika mphuno m'matope muja. Yotsimphinayi ili bwinobwino."

"Iwe mwana, khala chete! Ndinayamba kuweta bambo ako asanabadwe. Ichi n'chimfine chabe."

Adagula penisilini, adabaya, koma ayi ndithu. Zitafa zitatu, chimfine chija chidasanduka ufiti. Adaloza chala mlamu wake, amene chaka chathacho adamumana ngongole ya feteleza. Kwa sing'anga kudapita tambala wa Mikolongwe ndi nkhosa imodzi yamoyo. Khola adalitsirika ngodya zonse zinayi, m'mawa mwake ziweto n'kubwereranso kudambo komweko.

Mnyamata uja mtima udamuwawa. Tsiku lina pochoka kusukulu adakhotera kwa alangizi a ziweto. Iwo adabwera panjinga n'kupeza yachisanu itangofa kumene. Adavala magolovesi, adaung'amba mutu ndi chikwanje, n'kuitana mwini khola.

"Bambo, taonani. Zikadakhala mphutsi za ntchentche zija zimayetsemulitsa nkhosa, bwenzi tikuziona zikuyenda umu. Mulibe."

M'malo mwake munali chotupa chachikasu chofumbutuka, chitatseka njira ya mpweya n'kukankha diso, mizu yake ikulowera ku ubongo.

"Ichi chikuoneka kuti n'chuku," anatero alangiziwo, "mtundu wina wokhala m'dothi lonyowa ndi m'masamba owola. Palinso china chofanana nacho chokonda madzi odikha, chotupitsa mphuno ndi milomo. Nkhosa imachikoka ndi mpweya kapena kudzera pabala ikamadya chozolika. Alimi a ku Brazil amachidziwa bwino, chimawathera nkhosa nyengo ya mvula. Penisilini sachikhudza, ndipo diso likafika potong'oka, yopulumuka ndi yosowa."

"Ndiye kuti mlamu wanga…"

"Alamu anu alibe mlandu. Ngakhale nkhosa sizipatsirana zokhazokha. Zichotseni kudambo, khola likhale louma, mapesi ochita chuku muwotche. Yafayi muikwirire, musagulitse nyama yake. Nanga panalibe amene adaona kuti yakumtundayi siikudwala?"

Mkulu uja adayang'ana pansi, akukanda dothi ndi ndodo. Mnyamata naye adangoti zii, poti mwana sachititsa manyazi agogo ake pamaso pa alendo.

Eid idafika khola lili ndi nkhosa zinayi zokha, zowonda, ndipo ogula adapitirira. Madzulo ena mkuluyo adanyamula nkhuku kupita kwa mlamu wake, akuyenda pang'onopang'ono ngati njira yatalika. Pobwerako adaima pachitsa paja, nati, "Mdzukulu wanga, mawa tikazidyetse kuti?"

Chaka chotsatira chotsalira chija chidaswa mapasa. Mkuluyo adati onse awiri ndi a mnyamatayo.

Kaphuleni mbatata, yapserera.