Kodi Nsangala Ndi Chibadwa Kapena Ndi Ukoma?

Pa Chingerezi pali mawu akuti "sanguine", onena za munthu wansangala amene sataya mtima msanga. Mawuwa adachokera ku Chilatini, "sanguis", kutanthauza magazi. Asing'anga akale, monga Galen, ankaphunzitsa kuti m'thupi muli madzi a mitundu inayi, ndipo munthu amene magazi amuchulukira amabadwa woseka msanga ndi woyembekeza zabwino. Madokotala adachisiya kalekale chiphunzitsochi, koma mawuwo adatsala, ndipo funso nalonso lidatsala: ngati nsangala zili m'magazi, kodi wansangala aposa wofatsa pa ukoma?

Yankho limaoneka pa gombe la Nkhotakota mwera ukaomba. Maboti sapita panyanja, usipa usowa, ngongole ya mafuta a injini ikudikira. Msodzi wina amaseka ndi kuseketsa anzake. Wina amangokhala duu, akusoka chilimira, koma madzulo ndiye amagawirako ufa banja la mnzake. Woyambayo ali ndi mphatso imene sadaigwirire ntchito. Wachiwiriyo wasankha kuchita chabwino. Ukoma uli pa zimene munthu wasankha, osati pa zimene adabadwa nazo.

Izi sizikunyoza nsangala ayi. Filipo Neri Woyera, amene adamwalira ku Rome mu 1595, ankadziwika ndi nthabwala, koma ankazigwiritsa ntchito pokopa achinyamata ndi kuthyola kunyada, kuyambira kwake komwe. Nsangala zimasanduka ukoma zikayamba kutumikira ena.

Choopsa n'chakuti nkhope imanama. Malawi amatchuka ndi anthu omwetulira, ndipo ambiri, makamaka abambo, adaphunzira kubisa mavuto poyankha kuti "tili bwino". Kangati pa maliro a munthu wodzipha anthu amadabwa kuti, "Koma dzulo lomweli amaseka"? Mabanja amene adataya nyumba pa madzi osefukira a ku Dwangwa mu 2024 amabwera ku Misa atavala bwino, koma si onse amene mtima wawo udapola.

N'chifukwa chake mu mphakati musamafunsidwe za wodandaula yekha. Woseketsa anzake uja nayenso afunika womuchezera, wokhala naye pansi mpaka alankhule. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo wofatsa asadziyese wopereweredwa: chimwemwe chimene Paulo Woyera amachiika pakati pa zipatso za Mzimu sichiyesedwa ndi kukula kwa phwete.