KODI MPHATSO YA MLENDO IRI NDI CINGWE?

Makolo athu anali ndi mwambi wakuti, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Pakutero anatiphunzitsa kuti nzeru zina zifika ndi munthu wocokera kutali. Koma kalumo komweko kameta, ndipo kakhozanso kuceka. Tsono, owerenga inu, tifunsane: kodi nkoyenera kuti dziko liike malamulo akucinjiriza sukulu zace, anzeru ace ofufuza zinthu, ndi boma lace, kuti alendo asazilamulire? Tiyang'ane ku America, kumene mlandu uwu wakambidwa zaka zambiri.

M'caka ca 1938 akuru a dzikolo anaona kuti anthu ena analikufalitsa mobisa mau a boma la Hitler. Pamenepo anaika lamulo lakuti yense wotumikira boma la dziko lina pakukopa mitima ya anthu, alembetse dzina lace, nanene amene anamtuma. Lamulo limeneli silinatseke munthu pakamwa. Linangofuna kuti aonekere poyera. M'caka ca 1986 anaonjeza lina la pa sukulu zazikuru, zochedwa mayunivesite, lakuti zikalandira mphatso yocokera kunja yofika madola 250,000, zidziwitse boma.

Ine nditi malamulo otere ali okoma. Pakuti munthu wakudya kwa mnzace tsiku ndi tsiku, lilime lace lilemera pakumdzudzula. Taonani za nyumba zophunzitsiramo cinenero ca ku China, zochedwa Confucius Institute. Yoyamba ku America inatsegulidwa m'caka ca 2004 pa yunivesite ya Maryland, ndipo zinacuruka kufikira monga 100. A ku China anatumiza aphunzitsi, mabuku ndi ndalama. Kuphunzira cinenero kulibe coipa. Koma aphunzitsi ena a ku America anadandaula kuti m'menemo nkhani zosakondweretsa boma la China, monga za Tibet ndi Taiwan, zinali kulambalalidwa. M'caka ca 2018 linaturuka lamulo lakumana ndalama zina za boma sukulu zosunga nyumbazo, ndipo pofika 2023 zinatsala zosakwana zisanu. Sukulu yoopa kunena zoona cifukwa ca woipatsa ndalama, yagulitsa cinthu cosayenera kugulitsidwa.

Koma mlandu suweruzidwa pakumva mbali imodzi. Mantha akalowa m'lamulo, ayamba kuweruza munthu poyang'ana nkhope yace ndi mtundu wace. Kunali munthu wanzeru wa ku China dzina lace Qian Xuesen, wodziwa kupanga maroketi, amene anathangata America pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. M'caka ca 1950 anamkaikira, namlonda zaka zisanu; ndipo m'caka ca 1955 anabwerera kwao, natsogolera nchito ya maroketi ya China. Amene anamkaikirawo anataya nzeru zomwezo anafuna kuzisunga. Ndiponso m'caka ca 2018 boma la America linayamba kusakasaka akuba nzeru zobisika kunka nazo ku China. Ena anapezeka olakwadi. Koma mphunzitsi wina wa ku MIT, Gang Chen, anagwidwa m'caka ca 2021, ndipo patapita caka cimodzi boma lomwe linausiya mlanduwo. M'caka ca 2022 nchito yakusakayo inathetsedwa, pakuti anthu anati igwera mtundu umodzi. Ndani adzabwezera munthu wotere masiku ace a manyazi?

Ifenso tisaiwale kuti sukulu zoyamba m'dziko lathu lino zinadza ndi alendo, ku Cape Maclear m'caka ca 1875, ndi ku Blantyre m'caka ca 1876. Makolo athu akadatseka njira zonse, ndani wa ife akadawerenga tsamba lino?

Cifukwa cace tiphunzire ku mwambo wa pamudzi. Mlendo akafika, ayamba aonekera kwa mfumu, nanena kumene acokera ndi cimene wadzera. Amyalira mphasa, nampatsa madzi ndi nsima, osafunsa pfuko lace kuti amtonze. Koma salowa m'nkhokwe usiku, ndipo sagamula mlandu pabwalo. Momwemo lamulo labwino lifunsa zinthu zitatu: Wopatsa ndani? Afuna ciani pa mphatso yace? Kodi wolandirayo akhoza kumtsutsa wosaopa kulandidwa? Mphatso yopirira mafunso awa ilandiridwe ndi manja awiri. Yowaopa, iri ndi cingwe, ibwezedwe.

Ndipo mau awa sali a maiko akuru okha. Akuru a sukulu ya pamudzi panu akalandira mphatso ya malata kapena mabuku, anene pamaso pa makolo onse amene wapereka, ndi cimene wapangana nao. Cinthu conenedwa pabwalo sicivuta mudzi.