Sitika pa Njerwa ya LEGO ndi Funso la Zosankha Zosabwezeka

Zidole za LEGO zinakhazikika pa mfundo imodzi: chilichonse chomangidwa chikhoza kuphwasulidwa n'kumangidwanso. Kampaniyi anaiyambitsa ndi kalipentala Ole Kirk Christiansen m'tauni ya Billund ku Denmark mu 1932, ndipo poyamba inkapanga zidole zamatabwa. Tinjerwa tapulasitiki tinabwera mu 1949, koma tinayamba kugwirana bwino mu 1958, atatiikira timachubu kunsi kuti tizilumana ndi timitu ta njerwa inzake. Kalumikizidwe kameneko sikanasinthe, moti njerwa ya 1958 imalowana ndi yopangidwa lero. Sipafunika guluu kapena msomali. Womanga akalakwitsa amangosolola n'kuyambiranso, njerwa ili mmene inalili.

Ntchito imodzi yokha ndiyo imasemphana ndi mfundoyi: kumata masitika. Imaonekera kwambiri pa timagalimoto tampikisano totchedwa Speed Champions, timene LEGO inayamba kugulitsa mu 2015 motsanzira galimoto za Ferrari, McLaren ndi Porsche. Poyamba m'lifupi mwake munali timitu 6, ndipo mu 2020 anawonjezera kufika pa 8 kuti tianthu tiwiri tizikwana moyandikana. Mu 2025 munatuluka galimoto za matimu onse 10 a Formula 1. Galimoto yeniyeni yampikisano imakhala yodzaza manambala, mizere ndi mayina a makampani othandiza timu. Pa chidole, zambiri mwa zimenezi sizidindidwa pa njerwa. Zimabwera pa kapepala ka masitika, iliyonse ndi nambala yofanana ndi ya m'kabuku ka malangizo.

Masitika ena saposa chikhadabo kukula kwake. Womata amapukuta njerwa, amanyamula sitika ndi nsonga ya kampeni kapena kopanira kuti chala chisakhudze guluu, amalunjikitsa mbali imodzi, kenako amatsitsa pang'onopang'ono akufinya kuti mpweya usatsekeredwe pansi. Ena amayamba anyowetsa njerwa ndi timadzi ta sopo kuti sitika iziterereka isanagwire. Ikagwira, yagwira. Kuimatula kumapinda ngodya, kumafoola guluu, kumalowetsa fumbi, ndipo ngati ili ya mtundu woonekera mkati, chidindo cha chala chimatsalira pompo. Pa zidole zina zakale vutoli linkakula, chifukwa sitika imodzi inkadutsa pa njerwa ziwiri kapena zitatu, kotero kuti kuphwasula kunali kung'amba.

Osonkhanitsa timagalimototi, ambiri mwa iwo akuluakulu, amagawikana pa nkhaniyi. Alipo amene amamata sitika iliyonse monga kabuku kanenera. Ena amamanga koma kapepala kaja amakasiya, pofuna kuti njerwa zidzagwirenso ntchito pomanga zina. Enanso satsegula n'komwe bokosi, chifukwa bokosi losatsegula limakwera mtengo kampani ikasiya kupanga galimoto imeneyo. Pansi pa kusiyanaku pagona funso lakale mu filosofi: kodi chamtengo wapatali n'chiti, chinthu chimene chingathe kukhala chilichonse, kapena chimene chakhala chinthu chimodzi n'kutseka njira zina zonse?

Aristotle, katswiri wa ku Greece amene anabadwa mu 384 BC n'kumwalira mu 322 BC, anasiyanitsa chimene chinthu chingathe kukhala ndi chimene chakhaladi. Chitsanzo chake china chinali cha zomangira: miyala, njerwa ndi matabwa ndi nyumba mwa kuthekera chabe, pamene nyumba yeniyeni ndi ija yobisa anthu ndi katundu wawo. Iye anaika chokhaladi patsogolo, chifukwa kuthekera kumadziwika ndi chimene kukulowera. Munthu sangatchule njerwa kuti ndi chomangira ngati sakudziwa nyumba. Kanjerwa kofiira kopanda sitika kakhoza kukhala denga, phiko la ndege kapena chitseko cha galimoto yozimitsa moto. Kakamatidwa nambala ndi chizindikiro cha Ferrari, kasanduka nthiti ya galimoto imodzi, ndipo kwina kulikonse sikakwananso bwino. Kataya zambiri, koma galimotoyo yapeza nkhope yake. Woumba mbiya amazidziwa bwino izi: dongo likadali lofewa akhoza kuliphwanya n'kuumbanso, koma mbiya imasunga madzi pokhapokha itawotchedwa, ndipo ikawotchedwa siibwereranso ku dongo.

Msika wa osonkhanitsa umatembenuza ndondomeko ya Aristotle. Bokosi losatsegula, lomwe mulibe galimoto koma matumba a njerwa, limagulidwa modula kuposa galimoto yomangidwa mwaluso. Izi sizitsutsa Aristotle, chifukwa mtengo wa pamsika umayeza kusowa kwa chinthu, osati ubwino wake. Koma zimasonyeza mphamvu imene chinthu chosakhudzidwa chili nayo pa mtima wa munthu: m'bokosi muja galimoto ilibe sitika yopendekeka ngakhale imodzi, pa chifukwa chokhacho chakuti siinakhalepo.

Amene anafufuza mozama mtima woterewu ndi Søren Kierkegaard wa ku Copenhagen, m'dziko lomwelo la LEGO, amene anabadwa mu 1813 n'kumwalira mu 1855. M'buku lake la 1843, Enten–Eller, anaika moyang'anizana anthu awiri. Woyamba amakhalira kulawa zinthu, ndipo amapewa ukwati, udindo ndi ubwenzi wokhalitsa, poti kusankha chimodzi n'kutaya zina. Wachiwiri, woweruza milandu wokwatira, amamuyankha kuti munthu amakhala munthu weniweni mwa kusankha, ndipo wozengereza amapeza kuti nthawi yamusankhira kale. M'buku lina la 1844 Kierkegaard anasiyanitsa mantha ndi nkhawa: mantha amakhala ndi chinthu chodziwika chimene akuopa, pamene nkhawa imabadwa munthu akaona kuti zili kwa iye kuchita kapena kusachita. Dzanja lonjenjemera pamwamba pa sitika silikuopa chilombo chilichonse; likudziwa kuti pakatha kamphindi, zinthu zidzakhala mwa njira imodzi yokha. Kuika ukwati ndi kapepala ka guluu pa muyezo umodzi kungaoneke kukokomeza, ndipo kulemera kwake n'kosiyanadi kutali. Koma kayendedwe ka mtima n'kamodzi, ndipo pa chidole kamaoneka poyera chifukwa palibe zifukwa zikuluzikulu zobisalamo.

Pa magulu atatu aja, amene amasiya masitika kuti njerwa azimangire zina sakhudzidwa ndi chidzudzulo chimenechi. Iwo asankha, ndipo chimene asankha ndi kumanga kosalekeza, komwe ndi cholinga choyambirira cha chidolechi. Funso limaluma kwa amene amafuna galimotoyo koma saimanga poopa kuiwononga. Fanizo la matalente pa Mateyu 25:14-30 limanena za munthu wotere. Kapolo wina m'fanizoli sanabe kapena kumwaza chuma chimene mbuye wake anamusungitsa. Anachikwirira pansi chifukwa cha mantha, n'kuchibweza chathunthu. Anadzudzulidwa ngakhale kuti sanataye kalikonse, chifukwa chinthucho anapatsidwa kuti chigwire ntchito. Kusunga chidole m'bokosi si tchimo, ndipo wochisunga ngati katundu wodzagulitsa akungochita malonda. Chomwe fanizoli limachotsa ndi ganizo lakuti kusachita kanthu ndi malo otetezeka opanda mlandu. Ngakhale m'bokosi nthawi imalowamo: kapepala ka masitika kamapindika, ndipo guluu amafooka ndi zaka.

Osonkhanitsa ena amagula mabokosi awiri, lina lomanga, lina losunga. Njirayi imatonthoza mtima koma siiyankha funsolo, chifukwa imatheka pa zinthu zopangidwa zambirimbiri zofanana. Ntchito, lonjezo kapena mawu olankhulidwa kwa m'bale sizibwera ziwiriziwiri.

Wosankha kumata ayeneranso kuvomereza zotsatira zake moona mtima. Sitika yopendekeka si yokongola, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti ndi yokongola. Diso la mwini wake limathamangira pomwepo nthawi zonse, ngakhale alendo asaone kanthu. Yomatidwa bwino nayo ikakhala padzuwa imasuluka, imasweka n'kuyamba kutukuka m'mphepete. Kusankha sikulonjeza kuti zinthu zidzatuluka bwino. Kumangochititsa kuti pakhale chinthu.

Chotsutsa champhamvu n'chakuti kumata sitika si kosabwezeka kwenikweni. Pa msika wa pa intaneti wa BrickLink, umene LEGO inaugula mu 2019, munthu akhoza kugula njerwa ina ndi kapepala kena ka masitika n'kukonza cholakwikacho. Zimenezo n'zoona, koma kukonza n'kosiyana ndi kufafaniza. Njerwa yosololedwa imabwerera mwakale popanda chotayika, pamene sitika yokonzedwa imafuna ndalama zina, kudikira, ndi kapepala kachiwiri kamene nakonso kamamatidwa kamodzi kokha. Kuonjezera apo, galimoto za Speed Champions zimasiya kupangidwa pakapita zaka zochepa, ndipo kuyambira pamenepo mapepala osamata a galimoto imeneyo amachepa nthawi iliyonse wina akakonza yake. Alipo osindikiza ena amene amapanga masitika olowa m'malo mwa a kampani, koma osonkhanitsa sagwirizana ngati galimoto yomatidwa amenewo ikadali yomwe ija inatuluka m'bokosi.