Chip Imodzi, Mitengo Iwiri: Kodi Aquinas Akanati Chiyani?

Mu Januwale 2025, kampani ya NVIDIA ya ku Santa Clara, California, inayamba kugulitsa GeForce RTX 5090, graphics card ya anthu osewera magemu pa kompyuta, pa mtengo wa madola 1,999. Pofika mu Malichi, kampani yomweyo inaonetsa khadi lina, RTX PRO 6000 Blackwell, lopangira mainjiniya, ojambula mapulani a nyumba, opanga mafilimu ndi ofufuza za AI. Litafika m'masitolo a ku America, mtengo wake unali pafupifupi madola 8,500.

Munthu atamasula makhadi awiriwa n'kuchotsa zoziziritsira, pakati pa lililonse apeza chip ya mtundu umodzi, yotchedwa GB202, yopangidwa ndi kampani imodzi, TSMC ya ku Taiwan. Ndi ana a bere limodzi. Wina wangovekedwa suti, mnzake kabudula.

Kunena chilungamo, suti ija si nsalu chabe. Khadi la akatswiri lili ndi memory ya 96 GB pomwe la magemu lili ndi 32 GB, ndipo memory yakeyo ndi ya ECC, yomwe imadzigwira yokha ikalakwitsa nambala n'kudzikonza. Wosewera gemu sangadziwe n'komwe kuti kadontho kamodzi pa sikirini kasintha mtundu, koma injiniya amene kompyuta yake yakhala ikuwerengera kulimba kwa mlatho kwa masiku atatu sangafune kuti nambala imodzi iphonyeke pa tsiku lachiwiri. Chip ya GB202 yathunthu ili ndi timagawo 192 tochitira masamu. Pa khadi la akatswiri 188 n'totsegula, pa la magemu 170. Palinso mapulogalamu oyendetsera khadilo amene anayesedwa ndi kuvomerezedwa pa SolidWorks ndi ena a mtundu umenewo, kotero kuti zikavuta kuofesi pamakhala womuimbira foni.

Komabe palibe amene amakhulupirira kuti memory yowonjezerayo ndi timagawo 18 ndizo zikudya madola 6,500. Ndalama yambiri pamenepo si ya zimene zili m'khadimo ayi, ndi ya zimene zili m'mavuto a wogula. Pulogalamu ya AI ya maparameter 70 biliyoni, ikapanikizidwa kuti iliyonse itenge byte imodzi, imafuna malo okwana pafupifupi 70 GB. Mu 96 imalowa, mu 32 siyilowa. Amene akufuna kuiyendetsa pa khadi limodzi pansi pa desiki yake alibe kothawira, ndipo wogulitsa akudziwa.

Zotere n'zodziwika kumsika uliwonse: wogulitsa amayamba wayang'ana nsapato za wogula asanatchule mtengo. Funso n'lakuti kodi kutero n'kulakwa?

Thomas Aquinas, wansembe wa gulu la Dominican amene anamwalira mu 1274, analifunsa funso lomweli m'buku lake la Summa Theologiae, pa mutu wa 77 wa gawo lonena za makhalidwe. Iye sanali mdani wa malonda. Anavomereza kuti wamalonda angapeze phindu loyenera kuti adyetse banja lake ndi kuthandiza osowa. Anavomerezanso kuti mtengo wachilungamo si nambala imodzi yokhomedwa ndi msomali, ndi chinthu choyerekeza, chomwe chingakwere kapena kutsika pang'ono popanda tchimo. Koma pa mfundo imodzi sanasunthe. Ngati wogulitsa aluza kanthu posiyana ndi katundu wake, angawonjezere mtengo kuti abweze zimene waluzazo. Ngati iye saluza kalikonse, koma wogula ndiye apindula kwambiri ndi katunduyo, wogulitsa asakweze mtengo chifukwa cha zimenezo. Phindulo likuchokera ku mmene zinthu zilili kwa wogula, choncho si la wogulitsa, ndipo munthu sagulitsa chinthu chosakhala chake.

Ukayeza ndi muyezo umenewu, mlandu ukuoneka ngati watha usanayambe. Ludzu la wofufuza wa AI ndi lake, si la NVIDIA.

Koma mlandu sutha msanga choncho, ndipo amene anautsegulanso ndi otsatira a Aquinas yemweyo. Ku Spain m'zaka za m'ma 1500, siliva wa ku America atasefukira n'kukweza mitengo ya chilichonse, akatswiri a zaumulungu a ku Salamanca ndi anzawo anaona kuti mtengo sungawerengedwe pongophatikiza zimene wopanga anawononga. Luis Saravia de la Calle, polemba mu 1544, anati mtengo wachilungamo umabadwa ku kuchuluka kapena kuchepa kwa katundu, kwa amalonda ndi kwa ndalama. Kwa iwo, mtengo woyenera ndi umene anthu ambiri pamsika akuuona kuti ndi woyenera, popanda chinyengo kapena kukakamiza. Ndipo palibe amene anganene kuti NVIDIA yanamiza munthu. Manambala onse alembedwa pa bokosi. Sikelo yachinyengo imene buku la Miyambo ndi mneneri Amosi amadzudzula ndi ya wobisa. Pano palibe chobisika. Kampani ya zomangamanga imene ilipira injiniya wake madola oposa 8,500 pa miyezi yowerengeka imaona khadilo ngati khasu labwino, ndipo imagula mosanyinyirika.

Palinso mfundo ina imene odandaula sakonda kuimva. Kupanga pulani ya chip ngati GB202 kumadya ndalama zankhaninkhani chip yoyamba isanatuluke n'komwe. Ndalama imeneyo iyenera kubwezedwa ndi winawake. Pakanakhala mtengo umodzi wa onse, ukanakhala pakati penapake, wotsika kwa kampani ya mafilimu koma wokwera kwa mwana wasukulu wokonda magemu. Ndiye kuti wa suti akunyamulirako katundu wa kabudula. Dokotala wakumudzi amene amalipiritsa mwini golosale ndalama zambiri n'kulandira nkhuku kwa mayi wamasiye palibe amamutcha wakuba.

Pamene pavuta mtima ndi pa mpanda. Kuti mitengo iwiri ikhalepo, wolemera ayenera kuletsedwa kugula zotchipa. Jules Dupuit, injiniya wa ku France, anaona zimenezi pa sitima zapamtunda mu 1849. Mabogi a kalasi yachitatu analibe denga ndipo mipando yake inali ya matabwa. Iye anati sikuti kampani inkalephera kugula denga, koma inkafuna kuopseza amene akanatha kulipira kalasi yachiwiri kuti asatsikire kumeneko. Wosauka ankanyowa ndi mvula kuti wolemera achite mantha. Patapita zaka zoposa 140, IBM inachita zofananazo ndi LaserPrinter E ya mu 1990: inali printa yofanana ndi inzake yodula, koma anaiwonjezera kachipangizo koichedwetsa dala, kuti izitulutsa masamba 5 pa mphindi m'malo mwa 10. Anawononga ndalama kuti katundu aipe.

Mbiri ya makhadi a NVIDIA ili ndi mipanda yotere. Dzina la Quadro linayamba mu 1999 n'kupuma mu 2020, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri okonda kutokosa ankadziwa kuti GeForce ndi Quadro zimasiyana pang'ono kwambiri. Ena ankagwiritsa ntchito pulogalamu ya RivaTuner kuti GeForce izidzitchula Quadro. Mu 2013 munthu wina anaonetsa kuti posintha timaresistor tochepa pa GeForce GTX 690, kompyuta inkalilandira ngati Quadro K5000. Kumapeto kwa 2017 kampaniyo inasintha malamulo a pulogalamu yoyendetsera GeForce, n'kuletsa kuigwiritsa ntchito m'ma data centre, kupatulapo pa ntchito za blockchain. Khadi ndi lako, walipira, koma mwini wake wakale akukuuzabe chipinda chimene ungaliikemo. Mu 2021 anachepetsa dala liwiro la RTX 3060 pokumba ndalama ya pa intaneti ya Ethereum. Ulendo umenewo osewera magemu ambiri anaombera m'manja, chifukwa mpandawo unkateteza iwo. Zikuoneka kuti mpanda umaipa malinga ndi mbali imene munthu waima.

Kodi RTX 5090 ndi bogi yopanda denga? Kunena choncho n'kukokomeza, pakuti ndi khadi lamphamvu zedi, ndipo tina mwa timagawo totsekedwa tija timakhala kuti tinatuluka m'fakitale tili topunduka kale. Koma kusiya memory pa 32 GB sikuti chip yalephera kunyamula yambiri, popeza chip yomweyo ikunyamula 96 pa khadi linalo. Ndi malire oikidwa mwadala, pamalo oti wofufuza wa AI awombe mutu.

Apa mpamene a ku Salamanca, amene aoneka ngati mboni za wogulitsa, amatembenuka. Iwo ankakhulupirira mtengo wa pamsika pokhapokha msikawo uli ndi ogulitsa angapo, ndipo ankadzudzula mwamphamvu amene agwira yekha katundu n'kumatchula mtengo mmene wafunira. Ndiye tiyenera kufunsa kuti pamsika wa makhadi a akatswiri pali mabenchi angati. AMD ilipo. Radeon PRO W7900 yake ya mu 2023 ili ndi 48 GB ndipo inatuluka pa madola 3,999, pomwe RTX 6000 Ada ya NVIDIA, ya 48 GB yomweyo, inkagulidwa pafupifupi 6,800. Ngakhale zinali choncho ogula ambiri sanasamuke, chifukwa mapulogalamu awo analembedwa pa CUDA, njira imene NVIDIA inayambitsa mu 2006 ndipo imagwira pa makhadi ake okha. Kampaniyo inalima munda umenewo kwa zaka zambiri anthu asanaone phindu lake, ndipo palibe angaikanize kukolola. Koma wogula amene ntchito yake yonse yamangidwa pa CUDA sakunenerera mtengo. Akungofunsa kuti alipire kuti.

Choncho mlandu wa madola 8,500 sugona pa kukula kwa nambalayo, ndipo Aquinas mwina akanavomereza gawo lalikulu la ndalamayo monga malipiro a ntchito, nzeru ndi chiopsezo. Gawo limene akanaliloza chala ndi lotsalalo, lomwe kukula kwake kumadalira kuti wogula wapanikizika motani. Vuto n'lakuti risiti siligawa ziwirizi, ndipo amene akudziwa pamene padutsa mzerewo ndi wogulitsa yekha. Aquinas mwini analemba kuti malamulo a anthu a m'nthawi yake ankabweza malonda pokhapokha wina wapusitsidwa ndi ndalama yoposa theka la mtengo woyenera, ndipo zotsalazo ankazisiya m'manja mwa Mulungu ndi chikumbumtima cha wamalonda. Masiku ano palibe khoti limene lingabweze malonda a khadi lolembedwa zonse pa bokosi, ndipo maoda a RTX PRO 6000 amasainidwa ndi madipatimenti ogula zinthu, amene amangoyerekeza 96 ndi 32.